Loko pa Netiweki ya Bambo

Kompyuta ya Bambo tinaisamutsira kuchipinda kwawo miyendo yawo itayamba kukana. Inali yakalekale, chibokosi chakuda cholemera ngati thumba la simenti, koma sikirini yake inali yaikulu, ndipo ndiyo tinkaifuna. Maso a Bambo anali atachita nkhungu. Pa foni sankaonanso nkhope ya munthu, ankangoona kanthu kakugwedera, moti mng'ono wanga akaimba ankangoiika foniyo kukhutu ngati wailesi.

Mng'ono wangayo Bambo ankamutchula Mzime, ine Chisamba, ngati maina athu enieni anawaiwala kuchipatala komwe tinabadwira. Mzime ndi namwino, amagwira ntchito kudziko lakutali, ndipo nthawi imeneyo ankadikira mapepala omulola kukhazikika kumeneko. Lamulo lake linali loti akangotuluka m'dzikomo mapepalawo asanatuluke, basi, sadzamulolanso kubwerera. Bambo ankalidziwa lamuloli kuposa mwini wake. Tsiku limene dokotala anatiuza kuti matenda a m'chiwindi afika poti mankhwala azingochepetsa ululu, tinakwera galimoto osalankhulana mpaka pafupi ndi kunyumba. Mawu awo oyamba anali akuti, "Mzime asamve."

Ine ndinali nditamva kale, ndipo panalibe wondigwirira mbali ina ya katunduyo. Mayi anatisiya kalekale. Ndinapempha tchuthi ku ofesi ya sukulu komwe ndimagwira ntchito, ndinayamba kugona pamphasa kunja kwa chitseko chawo, ndipo Mzime akandifunsa ndinkayankha kuti ndi ukalamba chabe. Ndinalonjeza kuti sindinena, ndipo sindinanene, koma ndinatsimikiza mumtima kuti awiriwa aonane nkhope bwinobwino Bambo akadali ndi mpweya.

Vuto linali waya. Rauta, kabokosi kobweretsa intaneti m'nyumba, inali pabalaza pamwamba pa kabati, ndipo waya wake sankafika kuchipinda. Kompyutayo inapangidwa nthawi imene zinthu zinali zisanayambe kulankhulana mumphepo, ndiye popanda waya inali gonthi.

Ndinapita kushopu ya zamakompyuta kuseri kwa msika. Wogulitsa anali mayi wa magalasi ochindikala, wosaseka ndi munthu, wokhala pakati pa mawaya ngati kangaude.

"Kompyuta yake ndi ya liti?" anandifunsa.

"Ana ena a kusukulu kwathu inawaona akubadwa."

Anatsegula kabati, natulutsa kanthu kotalika ngati chala, kokhala ndi kanyanga kopindika. Anati dzina lake ndi adaputala, ndipo ntchito yake ndi kukhala khutu la kompyuta. Anawonjezera kawaya kotalikitsira.

"Musakaibaye kumbuyo kwa bokosi, kukhoma, siikamva kanthu. Mukailumikize ku kawayaka, muipachike pamwamba, moyang'ana kumene kuli rauta. Netiweki yanu ili ndi pasiwedi?"

"Ilibe."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Ndiye mukudyetsa msewu wonse, mayi. Adaputala ingamve bwino chotani, ngati anthu akukanganirana pakhomo limodzi, inu mudzalowa pomaliza. Komanso aliyense atha kusuzumira m'kompyuta mwanu. Mukatseke."

Anandifotokozera katsekedwe kake pang'onopang'ono, nandiuza kuti ndibwereze pamaso pake ngati mwana wa sukulu. Ndinabwereza osadandaula, safunsa anadya phula.

Za kudyetsa msewu wonsezo sankanama. Bambo anali wojambula zithunzi, ndipo situdiyo yawo inali pansi pa nyumba yosanja yomwe timakhala, pomwe tsopano pali telala. Intaneti itafika anaisiya yosatseka kuti makasitomala azilandira zithunzi zawo pa foni, ndipo anaipatsa dzina lakuti Lowani. Situdiyo inatsekedwa, rauta inakwera nafe m'mwamba, koma Lowani anakhalabe Lowani. Masana onse pamasitepe athu pankakhala anthu, wina pamwamba pa mnzake, mitu ili pansi: ophunzira a kukoleji, mlonda wa pasitolo, atsikana osoka kwa telala, ngakhale anthu amene sindinkawadziwa komwe achokera. Pokwera ndi ndowa ndinkachita kupempha njira pakhomo pathu pomwe. Ndikadandaula, Bambo ankangoti kupatsa nkuika.

Nditafika ndi adaputala ndinawapeza ali maso. Manja anali atawathera mphamvu, koma pakamwa ayi, ndiye anandiyang'anira ntchito yonse ali chigonere.

"Wabaya mozondoka."

"Sindinabaye n'komwe, Bambo."

"Ukabaya ubaya mozondoka. Ndikukudziwa."

Ndinabayadi mozondoka, kenako ndinatembenuza. Kompyuta inalira kamodzi, n'kulemba kuti chipangizochi siikuchidziwa, ndipo ikufuna kukafunsa pa intaneti kuti ndi chiyani. Ndinawawerengera Bambo uthengawo.

"Ndiye kuti ikufuna intaneti kuti ipeze intaneti," anatero, n'kuseka mpaka chifuwa chinawagwira. Ndinawadzutsa pang'ono, ndinawamwetsa madzi, ndipo ndinamva mafupa a msana wawo m'dzanja langa, limodzilimodzi.

M'kabokosi ka adaputala munali kachimbale kakang'ono. Makompyuta a masiku ano alibe poika chimbale, koma nkhalamba yathuyi inali napo. Ndinadina batani, thireyi inatuluka mobuula, ndipo munali chimbale china cha ukwati wa anthu amene mwina pano ali ndi zidzukulu. Ndinachichotsa, ndinaika kachimbale kaja, ndinavomera zonse zimene kompyuta inandifunsa, kenako ndinaizimitsa n'kuiyatsanso monga anandiuzira mayi wa kushopu. Kawaya ndinakakoleka pamsomali pamwamba pa chitseko. Kanyali ka adaputala kanayamba kuphethira.

Pa sikirini panatuluka maina a manetiweki a nyumba zoyandikana nafe, lililonse lili ndi kachithunzi ka loko pambali. Lathu lokha ndilo linalibe. Ndinadina Lowani, ndipo kompyuta inalowa popanda kufunsidwa kanthu.

Mzime anaimba madzulo ake, dzuwa likadalipo. Nthawi isanakwane Bambo anandivutitsa ndi kakonzedwe ka chipinda. Anati ndisunthe tebulo la kompyuta lipite kumiyendo kwa bedi, nditsegule katani ya zenera la kumutu kwawo, ndizimitse getsi. Ndinachita zonse osaganiza kanthu, poti pa nkhani ya kuwala munthu sankatsutsana nawo. Nditayang'ana kabokosi ka pakona ya sikirini komwe munthu umadziona wekha, ndinapeza kuti kuwala konse kuli kumbuyo kwawo. Nkhope yawo inali mthunzi chabe.

Ya Mzime nayo siinali nkhope. Inali timabokosi tamitundumitundu, tikusonkhana n'kubalalikanso. Amati akayamba mawu, pakamwa n'kuuma pali chotsegula, mawuwo n'kudzafika pambuyo onse pamodzi ngati mbuzi zotuluka m'khola.

"Bambo, mwaonda kapena ndi maso angawa?" Mawu ake amenewa ndiwo anamveka bwino.

"Ndi netiwekiyi ikundiondetsa. Ndikudya ngati dzombe, funsa mkulu wako."

"Achemwali, sindikuwaona bwino. Yatsani getsi."

"Getsi lapsa," anayankha Bambo ine ndisanatsegule pakamwa.

Inaduka, tinaimbanso, inadukanso. Pamapeto pake Mzime anati ayenera kukonzekera za kuntchito. Bambo anagona chagada akumwetulira, okhutira ngati munthu amene wagwira ntchito yooneka. Kunja pamasitepe wina ankaonera mpira, wina nyimbo, ndipo atsikana a kwa telala ankaseka chinachake pa foni imodzi.

"Mawa nditseka netiweki," ndinatero ndikupinda bulangeti. "Anthuwa ndi amene akutidyera chithunzi."

"Usatseke."

"Kwa masiku ochepa okha, Bambo."

"Mnyamata wa kukoleji wa magalasi uja akulemba mayeso. Mlonda amalankhula ndi mkazi wake pomwepo. Ukufuna anthu azinena kuti wojambula uja atadwala anasanduka womana?"

"Nanga mwana wanu? Iye alibe mayeso, koma ali ndi bambo mmodzi."

Bambo analankhula maso ali kudenga.

"Chisamba, ine ndakonza nkhope za anthu moyo wanga wonse. Ziphuphu ndachotsa, zipsera ndafufuta, akwati otopa ndawatsitsimutsa. Iyi yokha yandikanika. Mng'ono wako ndi namwino. Akangoona maso angawa mmene achitira chikasu, safunsanso munthu, akwera ndege mawa lake, ndipo zaka zonse wavutika kujaku zithera pa ine. Isiye netiweki ikhale mmene ilili. Ikundigwirira ntchito."

Ndinatuluka, chifukwa ndikanayankha ndikanalankhula zosayenera kuuza munthu wodwala. Ndinakwiya kwambiri. Ndinawakwiyira chifukwa ankanena zoona, ndiponso chifukwa pa chikondi chonsecho panalibe pamene anandiwerengera ine. Iwo adzapita, ife awiri tidzatsala. Tsiku lina ndidzaimba foni kunena kuti Bambo atisiya, ndipo Mzime adzandifunsa kuti ndinadziwa liti. Ndinkamudziwa mng'ono wanga. Sakanandikalipira, akanangoti zikomo achemwali, n'kukhala mlendo kwa ine mpaka imfa. Kubwera kapena kusabwera inali nkhani yoti asankhe yekha, ndipo ife tinkamusankhira pomuphimba m'maso.

M'mawa mwake ndinapeza uthenga wake pa foni: "Achemwali, pali chimene simukundiuza?" Ndinauyang'ana, ndinaika foni m'thumba, ndinakawasambitsa Bambo. Ndikuwapukuta m'khosi ndinawauza.

"Pakamwa panga ndatseka monga munanenera, ndipo sinditsegula. Koma netiweki nditseka lero. Sindikufuna kuchita mobisa, n'chifukwa chake ndikukuuzani."

"Sungathe n'komwe," anatero. "Iwe wobaya mozondoka."

Atamwa mankhwala a masana n'kugona, ndinatsika kaye kwa telala. Ndi mayi wamkulu, anagwira ntchito moyandikana ndi Bambo kuyambira kale, ndipo sindinafune kuti adzangoona zinthu zazima. Ndinamuuza mwachidule. Anaimitsa makina, nachotsa mapini pakamwa.

"Afika pamenepo? Ife kumangokhala pamasitepe kumaseka, munthu akutha m'nyumba." Anapukuta m'maso ndi kansalu kodula. "Katseke, mwanangu. Anthuwa ndiwauza ine, ndipo wodandaula adzadandaulire kwa ine."

Ndinakwera pampando, ndinatsitsa rauta pakabati. Inali ndi fumbi la zaka, ndipo pansi pake panali kapepala komata kokhala ndi manambala. Ndinawakopera, ndinapita nawo kuchipinda mwakachetechete, ndinawalemba pamwamba pa tsamba la intaneti, ndipo panatseguka khomo la rautayo, lofunsa dzina ndi pasiwedi. Zinali zomwe zija inabwera nazo kuchokera kufakitale, zimene aliyense wa pamasitepe akanatha kuziganiza. M'kati ndinaona mafoni onse amene anali pa netiweki yathu nthawi imeneyo, mndandanda wotsika mpaka pansi pa sikirini, ndipo kompyuta ya Bambo inali penapake pakati, ngati mlendo.

Ndinachita monga ndinabwerezera kushopu. Pa chitetezo panalembedwa kuti palibe, ndiye ndinasankha loko wamphamvu amene rautayo inali naye. Pasiwedi ndinapanga yaitali, mawu osagwirizana osakaniza ndi manambala, osati tsiku lobadwa la munthu kapena dzina la mwana. Ndinasinthanso pasiwedi ya khomo la rauta, kuti wina asadzalowe n'kumasula zimene ndamanga, ndipo ndinaletsa kabatani kamene kamalowetsa munthu popanda pasiwedi. Dzina lokha ndinalisiya. Ndinayesa kulifufuta koma dzanja linakana.

Chala chinaima pang'ono pa batani lomaliza. Kumbuyo kwanga Bambo ankapuma movutikira, pakamwa pali pululu. Ndinadina.

Nyali za rauta zinazima n'kuyakanso. Kompyuta ya Bambo nayo inatayidwa kunja pamodzi ndi ena onse, ndipo ndinachita kuilowetsanso ndi pasiwedi yatsopano, kulemba chilembo chimodzichimodzi. Pa sikirini panaoneka Lowani, pambali pake pali loko. Ndinachita manyazi kuliyang'ana. Kunja ndinamva mawu a telala akulankhula motsitsa, kenako mapazi akutsika, ambiri, osathamanga. Palibe amene anagogoda.

Bambo anadzuka dzuwa litapendeka. Sanayang'ane kompyuta, anangotchera khutu kuchitseko.

"Kwachita zii," anatero. "Watseka."

"Ndatseka."

"Walira mvula walira matope, Chisamba. Zimene zibwerezo udzazisenza wekha." Anadzikoka movutika n'kutembenukira kukhoma. "Akaimba umuuze ndagona."

Sanandiuze kuti ndikonze chipinda, ndipo sindinakonze. Ndinakhala pampando m'mbali mwa bedi, manja ali pamiyendo. Kompyuta italira ndinadikira kuti mwina anena kanthu. Sananene, ndiye ndinayankha.

Ine ndemwe ndinadzidzimuka. Mzime anadzaza sikirini yonse, woyera bwino, ngati wakhala pawindo. Ndinaona ulusi wa kolala ya yunifolomu yake, ndinaona kapu ili pashelefu kumbuyo kwake, ndinaona kuti pamphumi pake pamera imvi zimene sanatiuzepo.

"Lero ndiye mukuoneka, achemwali," anatero, mawu ndi milomo zikuyendera limodzi. "Bambo ali kuti? Bwanji ayang'ana kukhoma?"

Ndinayang'ana msana wa Bambo. Ndinalonjeza kusanena zoona, koma bodza linanso ndinalibe.

"Bambo," anaitana. "Ndine Mzime."

Mawuwo anamveka ngati ali m'chipinda momwemo. Ndinaona phewa la Bambo likugwedezeka. Anapirira pang'ono, kenako mutu unatembenuka wokha, kuti angoba kuyang'ana kamodzi. Sanabwererenso kukhoma. Panali patapita zaka asanaone nkhope ya mwana wawo kukula chomwecho, ndipo anaiyang'ana pakamwa pali chotsegula, maso akuyenda kuchokera patsitsi kufika pachibwano.

"Wamera imvi," anatero. "Mwana wa dzulodzuloyu."

"Sindikukuonani bwino, Bambo. Kumbuyo kwanu kukuwala kwambiri."

Apa ndinaganiza kuti anenanso za getsi. Anamuyang'anabe, kenako anakweza dzanja pang'ono kundikodola.

"Chisamba, tseka katani iyi. Tsegula ya zenera la kutsogolo. Undikweze ndi mapilo, nkhope iyang'ane kuwala." Ndikuwakweza anandinong'oneza, "Si chilungamo ine kumuona chonchi, iye n'kumaona mthunzi."

Kuwala kunagwera pankhope pawo, ndipo zonse zinaonekera: masaya olowa, khungu lachikasu, maso achikasu. Mzime sanakuwe. Anayandikira kamera yake, ndipo nkhope yake inasintha n'kukhala ya kuntchito.

"Yang'anani m'mwamba, Bambo. Achemwali, akokereni chikope pansi pang'ono. Ndionetseni manja awo. Mimba yatupa?"

"Yatupa."

"Dokotala anati chiyani?"

Ndinayang'ana Bambo. Anagwedeza mutu kundiloleza, ndipo ndinanena zonse, mmene dokotala ananenera, osachotsa kanthu. Nditamaliza nkhope ya kuntchito ija inagwa, ndipo anatsala mng'ono wanga yekha, akulira mwakachetechete, misozi ikuoneka umodziumodzi.

"Ndikubwera," anatero.

"Ukabwera udzandipeza, mwina osandipeza," anayankha Bambo. "Chotsimikizika n'choti sudzabwereranso. Ine ndikupempha ukhale. Koma wandiona tsopano, ndipo ndiwe munthu wamkulu. Sindikubisiranso kanthu."

Anakangana mpaka Bambo anatopa. Mzime sanasankhe chochita tsiku limenelo. Anakafunsa ku ofesi ya mapepala ngati pali chifundo kwa munthu amene bambo ake akumwalira, ndipo anamuuza kuti pempho lotere limatenga nthawi. Analemba pempholo, n'kutsala kudikira. Kwa ine anangonena chinthu chimodzi: "Musamazimitse kompyuta, achemwali. Muziisiya choncho."

Ndinaisiya choncho. Akaweruka kuntchito ankaimba, n'kukhala nafe, nthawi zina osalankhula, akudya kapena kusita yunifolomu, Bambo akumuonerera mpaka tulo. Mzime anandiphunzitsa kuwatembenuza osawapweteka, kuika pilo pakati pa mawondo, kunyowetsa milomo ndi kansalu atasiya kumeza. Ndikalakwitsa ankandikonza, Bambo n'kumati, "Muuze, ameneyu samva za ine." Chithunzi sichinadukenso. Za loko Bambo sanazitchulenso, kundikhululukira kapena kundidzudzula, ndipo ine sindinafunse.

Yankho la pempho lija linali lisanabwere pamene tsikulo linafika. Anali masana, kunja kukutentha, Mzime ali pa tchuthi cha tsiku limodzi. Bambo anali asanalankhule kuyambira dzulo lake. Ine ndinali nditawerama patebulo, ndikufinya kansalu m'mbale ya madzi, ndikumuuza Mzime za mtengo wa mapilo kapena zina zopanda pake.

"Achemwali," anandidula, mawu ali phee. "Siyani mbaleyo. Khalani pabedi, muwagwire dzanja."

"Bwanji?"

"Kapumidwe kasintha. Agwireni basi. Bambo, ndili pano. Tonse tili pano."

Ndinawagwira. Mpweya unkabwera, n'kusowa nthawi yaitali, n'kubweranso. Mzime ankalankhula nawo mosalekeza, motsitsa, kuwauza kuti asaope, kuti ife tikhala bwino, kuti tidzasamalana. Ine ndinkangoyembekezera mpweya wotsatira, ndipo ndinali ndikuuyembekezerabe pamene iye anasiya kulankhula. Anayang'anitsitsa kanthawi, nkhope ili pafupi ndi kamera.

"Apita, achemwali," anatero. Anakweza dzanja lake, n'kulibwezanso pansi. "Atsekeni maso. Ine sindingafikire."